Kuseri kwa Chithunzi: Akatswiri a Mafilimu Achimwenye ndi Maukwati Athu a Kunyanja

Mafilimu achimwenye si alendo kuno kunyanja. Amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 tikukumbukira tinyumba ta vidiyo totchinga ndi mphasa pa Kamuzu Road, ku Chipoka ndi m'madoko a asodzi, momwe anyamata ankadzazana kuti aone Mithun Chakraborty akuvina mu Disco Dancer, kapena Amitabh Bachchan akugwetsa zigawenga khumi ali yekha. Panalibe amene ankamva Chihindi, komabe nkhani inkamveka bwino lomwe: mwana wamasiye, mayi wogona ndi misozi, mpondamatiki wouma mtima, ndi chikondi chimene makolo akuchikana. Pambuyo pake kunabwera anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa, ndipo kuchokera mu 2015, pamene Zee World inayamba kuoneka pa DStv ndi masewero omasuliridwa m'Chingerezi, India analowa m'zipinda zochezera za mabanja ambiri n'kukhazikika.

Chimene chasintha m'zaka zaposachedwapa ndi katundu amene tikutengako. Kale munthu ankatuluka mu vidiyo atanyamula nkhani ndi nyimbo. Lero mtsikana amatsegula foni n'kupeza katswiri popanda filimu iliyonse: chithunzi chokhachokha, chovala, ndolo, ndi khungu losalala ngati dzira. Zotsatira zake zikuoneka pamchenga wa ku Senga Bay kumathero a sabata, pomwe otomerana amabwera ndi wojambula wawo, mtsikana atavala lehenga, siketi yaitali yolemera ndi mikanda ija, mpango wopyapyala ukuuluzika ndi mphepo monga anaonera pa Instagram. Zikuonekanso kwa matelala, amene masiku ano kasitomala sawafotokozera ndi pakamwa. Amangowaonetsa foni n'kunena kuti, "Mundisokere chonchi."

Nsalu ya eni ake ilibe mlandu, ndipo palibe amene angaletse mkwatibwi kukongola pa tsiku la nikah yake. Chofunika n'chakuti tione m'mene chithunzi cha katswiri chimapangidwira, amene amachipanga, ndi amene amalipira. Mfundo yanga ndi yakuti ife tatengera chithunzi n'kusiya phunziro limene lili kuseri kwake, chonsecho phunzirolo ndi limene likanatipindulira.

Katswiri amachita kusokedwa

Filimu yoyamba yaitali ya ku India, Raja Harishchandra, inatuluka mu 1913. Mkonzi wake, Dadasaheb Phalke, sanapeze mkazi woti aonekere pa kanema, motero gawo la mfumukazi linaseweredwa ndi mwamuna, Anna Salunke. Chimene chinamusandutsa mfumukazi pamaso pa oonera chinali sari, zibangili ndi utoto wa kumaso. Phalke mwiniyo anali atagwirapo ntchito ku malo osindikizira zithunzi a Raja Ravi Varma, mmisiri amene zojambula zake zinkapachikidwa m'nyumba ndi m'masitolo m'dziko lonselo. Choncho kanema wa ku India anabadwira m'manja mwa anthu odziwa kale kuti chovala ndi kaimidwe ka munthu zimalankhula iye asanatsegule pakamwa.

Kusokako kunkafika ndi pa dzina lomwe. Muhammad Yusuf Khan, mwana wa wogulitsa zipatso wobadwira ku Peshawar, anapatsidwa dzina lakuti Dilip Kumar asanaonekere mu filimu yake yoyamba mu 1944. Mumtaz Jehan Begum anasanduka Madhubala, ndipo Mahjabeen Bano anasanduka Meena Kumari. Makampani a mafilimu ankayeza munthu monga telala amayezera nsalu: apa tidule, apa tiwonjezere, ichi tichipindire m'kati. Dzina limene makolo anapereka linkatha kupindiridwa m'kati ngati eni kampani aona kuti lina likomera msika.

Dilip Kumar ndi Madhubala anaonekera limodzi mu Mughal-e-Azam ya mu 1960, filimu imene zovala zake zikadali muyeso mpaka lero. Mkonzi wake, K. Asif, anaitanitsa matelala ku Delhi, opeta nsalu ku Surat, osula zagolide ku Hyderabad ndi osoka nsapato ku Agra. Diresi lalitali lotambasuka limene Madhubala anavala linatenga dzina la mtsikana amene ankamusewera, Anarkali, ndipo patapita zaka zoposa 60 wogulitsa zovala zachimwenye aliyense, kaya ku Mumbai kaya ku Limbe, amalidziwa dzinalo.

Pano pali luso loyenera kuliyamikira. Mu filimu imeneyi chovala chili pa ntchito ya nkhani. Anarkali ndi kapolo wovina m'nyumba ya mfumu, ndipo kunyezimira kwa zovala zake kukusonyeza chuma cha mbuye wake, osati chake. Akaponyedwa m'ndende, timamuona m'nsalu yakuda ndi maunyolo olemera, ndipo woonera amamva kugwa kwake ndi maso okha. Chimodzimodzi Bhanu Athaiya, Mmwenye woyamba kulandira mphoto ya Oscar, mu 1983, anailandira chifukwa cha zovala za mu filimu ya Gandhi. Ntchito yake kumeneko inali kuveka munthu amene moyo wake unali ulendo wochoka mu suti ya loya kupita ku kansalu koyera ka mlimi. Chovala chikamagwira ntchito yotere chimanena zoona zokhudza munthu.

Chithunzi chiyamba kuyenda chokha

Filimu imatha pakapita maola atatu, koma katswiri ayenera kukhalabe m'maso mwa anthu mpaka ina idzatuluke. Ntchito imeneyi inagwera magazini. Filmfare inayamba mu 1952, Stardust mu 1971, ndipo Vogue ya ku India inabwera mu 2007. Ojambula ena anasanduka osula akatswiri. Gautam Rajadhyaksha, amene anamwalira mu 2011, anatchuka ndi zithunzi za nkhope zofewa ngati zoonera m'nkhungu ya m'mamawa, makwinya ndi zipsera zitasungunuka m'kuwala. Dabboo Ratnani anayamba kutulutsa kalendala ya akatswiri mu 1999, ndipo kuonekeramo kunasanduka chizindikiro chakuti munthu wafikapo.

Ana athu ambiri amaganiza kuti katswiri anangodzuka, n'kuvala, mnzake n'kumujambula. Ntchitoyi siyenda choncho. Pamakhala munthu wolembedwa ntchito yosankha zovala, amene amakazibwereka kwa ozipanga ndi m'masitolo akuluakulu, ndipo ntchito ikatha zimabwerera kwa eni ake. Diresi likakula amalipana ndi mapini kumsana, kumene kamera sikuona. Wodzola nkhope ndi wokonza tsitsi amatha maola ndithu. Ena agwira magetsi, ena nsalu yobweza kuwala, wina makina okupiza mphepo kuti tsitsi ndi mpango ziuluke. Amajambula zithunzi mazanamazana n'kusankhapo zowerengeka, ndipo zosankhidwazo zimapita pa kompyuta, komwe chiuno chimachepetsedwa, khosi limatalikitsidwa, khungu limasalazidwa. Nthawi zina wokonzayo amapyola muyeso mpaka anthu kuzindikira. Mu 2016 magazini ya Maxim ya ku India inasekedwa ndi owerenga chifukwa cha chithunzi cha Priyanka Chopra chimene kukhwapa kwake kunali kosalala ngati kwa chidole cha m'sitolo.

Foni itabwera, chithunzi chinachoka pa chikuto cha magazini n'kuyamba kutuluka tsiku ndi tsiku. Ojambula amadikirira akatswiri pa bwalo la ndege la Mumbai, pakhomo pa malo olimbitsira thupi ndi pamalo odyera. Zithunzi zimenezi zimaoneka ngati zongochitika mwadzidzidzi, ndipo mphamvu yake ili pomwepo, chifukwa woona amati waona munthuyo m'mene alili. Koma nazonso zovala za pa ulendozi nthawi zambiri zimakhala zosankhidwa ndi wantchito yemwe uja. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mkuyu uwu m'kati mwake muli gulu la antchito, mapini, magetsi ndi pangano la malonda.

Chovala chisanduka malonda

Mu 1991 dziko la India linatsegula msika wake kwa makampani akunja. Patangopita zaka zitatu, mu 1994, Sushmita Sen anapambana mpikisano wa Miss Universe ndipo Aishwarya Rai anapambana wa Miss World, ndipo onse awiri analowa m'mafilimu. Njira yopita ku kanema inayamba kudzera pa bwalo loonetsera zovala. Mu 1995 Manish Malhotra anaveka Urmila Matondkar mu filimu ya Rangeela, ndipo magazini ya Filmfare inamupatsa mphoto yake yoyamba ya wokonza zovala. Mu Kuch Kuch Hota Hai ya mu 1998, Shah Rukh Khan ankayenda pa koleji atavala majuzi olembedwa GAP ndi Polo pachifuwa, zilembo zake zikuluzikulu zowerengeka kuchokera kumpando wakumbuyo.

Kuchokera pamenepo chovala chinayamba kusiya ntchito ya nkhani n'kuyamba kudzigulitsa chokha. Chizindikiro chake chinali chitaoneka kale m'mafilimu a Yash Chopra, monga Chandni ya mu 1989, amene anazoloweretsa anthu kuona mtsikana akuvina m'mapiri ozizira a ku Switzerland atavala sari yopyapyala, mwamuna ali m'juzi lofunda. Palibe mkazi wanzeru zake amene angavale motero m'chisanu. Chovalacho chasiya kufotokoza za mtsikana wa mu nkhaniyo, chikungosangalatsa diso la woonera. Nyimbo imodzi ya mphindi zisanu imatha kukhala ndi zovala zosinthasintha kangapo, ngakhale pamene nkhani yatiuza kuti mtsikanayo ndi mwana wa mphawi.

Ukwati ndiwo unakhala msika waukulu koposa. Hum Aapke Hain Koun ya mu 1994 inali ngati chikondwerero cha ukwati cha maola atatu, ndipo sari ya Madhuri Dixit ya mtundu wa biringanya inasokedwa m'masitolo osawerengeka. Kenaka maukwati enieni a akatswiri anayamba kukonzedwa ngati mafilimu. Anushka Sharma anakwatiwa ndi Virat Kohli ku Tuscany m'dziko la Italy mu December 2017. Deepika Padukone ndi Ranveer Singh anachitira wawo m'mbali mwa nyanja ya Como mu November 2018, ndipo mwezi wotsatira Priyanka Chopra ndi Nick Jonas anachitira m'nyumba yachifumu ya ku Jodhpur. M'maukwati onse atatu munaoneka zovala za Sabyasachi Mukherjee wa ku Kolkata. Zithunzi zosankhidwa bwino zinkatulutsidwa, ndipo pomafika mawa lake matelala a dziko lonse la India anali atayamba kufunsidwa zomwezo. Mu 2022 Deepika Padukone anakhala nkhope ya kampani ya Louis Vuitton, ndipo mu 2023 Alia Bhatt anakhala nkhope ya Gucci. Tanthauzo lake n'losavuta: katswiri amalipidwa kuti avale chimene ife timalipira kuti tivale.

Thupi ndi khungu

Chovala chikakhala bwana, thupi ndi limene limadulidwa kuti likwanemo. Mu 2007 Shah Rukh Khan, ali ndi zaka zopitirira 40, anaonetsa mimba yogawika mizere mu Om Shanti Om, ndipo kuyambira pamenepo mnyamata aliyense wolowa m'mafilimu anayenera kukhala nayo. Kareena Kapoor anaonda kwambiri pokonzekera filimu ya Tashan ya mu 2008, manyuzipepala n'kuyamba kutamanda kuondako ngati mphoto. Aishwarya Rai atabereka mwana kumapeto kwa 2011, anthu anamunyoza chaka chotsatira chifukwa chonenepa, ngati kuti kubereka ndi kuphwanya pangano. Kwathu kuno mayi akachira thupi n'kudzaza, apongozi amanyadira kuti akusamalidwa. Maganizo akuti thupi la mayi woyamwitsa ndi lochititsa manyazi ndi katundu wobwera, ndipo wabwera kudzera m'zithunzi.

Chovuta koposa ndi nkhani ya khungu. Amwenye ambiri, makamaka a kum'mwera kwa dzikolo, ndi akhungu lakuda, koma pa chikuto cha magazini simuwapeza kawirikawiri. Mafuta a Fair & Lovely anayamba kugulitsidwa mu 1975, ndipo kwa zaka 45 malonda ake ankaonetsa mtsikana wokanidwa ntchito kapena banja, amene zinthu zimamuyendera akangoyera. Dzinali linasinthidwa kukhala Glow & Lovely mu 2020 anthu atadandaula kwambiri. Shah Rukh Khan anatsatsa kwa zaka zambiri mafuta a amuna otchedwa Fair and Handsome. Mu 2010 magazini ya Elle ya ku India inadzudzulidwa kuti inayeretsa khungu la Aishwarya Rai, munthu amene dziko lonse linali litamuvomereza kale kuti ndi wokongola. Ndipo filimu ikafuna munthu wosauka kapena wonyozeka, kawirikawiri satenga wosewera wakuda. Amatenga woyera n'kumudetsa ndi utoto, monga anachitira ndi Hrithik Roshan mu Super 30 ndi Bhumi Pednekar mu Bala, onse mu 2019. Wosewera Nandita Das wakhala akulimbana ndi mchitidwe umenewu poyera kuyambira 2013.

Uthenga wotere ukafika kwa mwana wa ku Lifuwu kapena ku Ngodzi, umapeza chilankhulo chathu chitautsegulira kale khomo, pakuti liwu lakuti kuyera limatanthauza ukhondo, limatanthauzanso khungu lofiirira, ndipo kuda kumatanthauza litsiro ndi khungu lathu lomwe. Mtsikana amene tsiku lililonse amaona kuti wokondedwa ndi woyera, wantchito ndi wakuda, safunika kuuzidwa zambiri. Amapita kumsika kukagula mafuta. Ambiri mwa mafuta oyeretsa khungu amakhala ndi hydroquinone, mercury kapena mankhwala a steroid. Khungu limapyapyala, mabala amachedwa kupola, m'masaya mumabwera zipsera zakuda, ndipo mercury amawononga impso. Pa dzuwa la ku Salima khungu lotere limapsa msanga. N'chifukwa chake mayiko monga South Africa, Ivory Coast ndi Rwanda analetsa mafuta amenewa. Katswiri anayeretsedwa ndi magetsi ndi kompyuta, zimene sizisiya chipsera. Mwana wathu akufuna kufika pomwepo ndi mankhwala.

Ena mwa okhala m'kati mwa chithunzichi anatulukamo okha. Zaira Wasim wa ku Kashmir, amene anatchuka mu Dangal ya mu 2016 ndi Secret Superstar ya mu 2017, analengeza mu June 2019, ali ndi zaka 18, kuti wasiya mafilimu chifukwa ntchitoyo inkasokoneza ubale wake ndi chipembedzo chake. Sana Khan anachita chimodzimodzi mu 2020. Ena anawayamikira, ena anawadzudzula, ndipo Asilamu ambiri akupitirizabe ntchitoyi. Chimene tingatolepo n'chakuti moyo umene timausirira pa foni, ena amene anali nawo m'manja anauyeza n'kuona kuti mtengo wake wakwera.

Amene akulipira kwathu kuno

Katswiri wa ku Mumbai akajambulitsa amakhala ali pa ntchito, ndipo madzulo amalandira malipiro. Mkwatibwi wa kwa Maganga akajambulitsa motengera iye, ndalama zimatuluka. Lehenga yabwerekedwa ku Lilongwe kapena yaitanitsidwa kunja, wodzola nkhope walipidwa, wojambula walipidwa, galimoto yopita kunyanja yalipidwa, kenaka pabwere bridal shower ya zovala zachimwenye imene anzake onse ayenera kusoketsa zofanana. Ndalama zimenezi zimachokera ku usipa wa bambo, ku thukuta la mchimwene amene ali ku Joni, ku banki m'khonde, ndipo nthawi zina ku katapila. Msodzi amadziwa kuti mwera ukawomba ngalawa zimakhala pamtunda masiku angapo, koma ngongole sidikira nyanja kuti ikhale bata. Si zachilendo kumva za ukwati umene ndalama ya zithunzi yaposa mahari, kutanthauza kuti chimene chatsala m'manja mwa mkwatibwi n'chochepa kuposa chimene chapita kwa wojambula.

Palinso kaimidwe. Zithunzi za otomerana zimatengera mafilimu mpaka pa kagwiridwe ka manja ndi kutsamirana, ndipo zimafalitsidwa pa WhatsApp nikah isanamangidwe. Makolo amene sakanalola zimenezi pakhonde pawo amangoti ndi zithunzi chabe. Ukwati ukalephereka, monga ena amalepherekera, zithunzizo zimatsala m'mafoni a anthu, ndipo amene amasenza manyazi kawirikawiri ndi mtsikana.

Chondimvetsa chisoni kwambiri monga woona zithunzi ndi zimene zimachotsedwamo. Wojambula amadikira kuti asodzi adutse, amapewa thandala la usipa, amapempha ana osamba kuti asunthe. Bwato likalowamo limakhala chokongoletsera, mwini wake ataima kutali. Agogo a chitenje chakutha ndi mpango wawo amapezeka m'zithunzi ziwiri za kumapeto. Nyanja yathu imakonzedwa kuti ioneke ngati ya Como, ndipo nkhope ya mkwatibwi imayeretsedwa pa kompyuta mpaka azakhali ake kufunsa kuti ameneyu ndani. Zaka 30 zikubwerazi mdzukulu adzatsegula zithunzizi kuti aone kwawo ndi anthu ake, ndipo adzapezamo dziko limene kunalibe.

Amalawi timadziwa kuti chovala si nkhani yaing'ono. Kuchokera mu 1973 mpaka 1993 lamulo linkaletsa amayi kuvala buluku ndi siketi yaifupi. Nkhani ya hijabu m'sukulu inatenga zaka za zokambirana mpaka mgwirizano wa mu 2021. Pa nthawi zonsezo wolamula zovala ankaoneka, ndipo anthu ankatha kukambirana naye kapena kumutsutsa. Wolamula wa lero alibe ofesi. Ali m'thumba la mwana aliyense, ndipo amamveredwa popanda wapolisi.

Phunziro limene talisiya

Taonaninso zithunzi za maukwati aja. Anushka Sharma anakwatiwira ku Italy, dziko lotchuka ndi zovala, koma anavala nsalu yopetedwa kwawo, ndipo pa phwando la ku Delhi anavala sari yofiira yolukidwa ku Varanasi. Akatswiri a ku India amatsatsa zikwama za ku Paris, koma pa tsiku lalikulu la moyo wawo amabwerera ku nsalu ya makolo awo. Izi zili ndi mbiri yake. Mahatma Gandhi anasandutsa kupota thonje ndi kuvala nsalu yoluka pamanja kukhala chida cholimbanira ndi atsamunda, ndipo kuyambira 2015 dzikolo limakumbukira oluka nsalu pa 7 August chaka chilichonse. Chithunzi cha katswiri chikazungulira dziko lapansi, chimanyamula ntchito ya oluka a ku Varanasi ndi opeta a ku Lucknow, ndipo ndalama zimalowa ku India. Zina mwa izo ndi zathu.

Sikuti amisiriwo amadyerera mokwanira. Ambiri mwa oluka a ku Varanasi ndi opeta a ku Mumbai ndi Asilamu a m'mabanja osauka, ndipo mu 2020 nyuzipepala ya New York Times inafotokoza m'mene opeta a ku Mumbai amagwirira ntchito ya makampani otchuka a ku Ulaya m'tizipinda topanikiza, pa malipiro ochepa. Pansi pa chithunzi pamalembedwa dzina la katswiri, la wopanga zovala, la wojambula. La munthu amene anakhala chogwada masabata ambiri akulowetsa ulusi wagolide silipezeka. Choncho phunziro lili pawiri: India anamanga ulemerero wa akatswiri ake pa nsalu yake, ndipo pamenepo tiyenera kutengera. Anabisa manja amene anasoka, ndipo pamenepo tiyenera kuchita bwino kumuposa.

Salima ndi limodzi mwa maboma olima thonje, pamodzi ndi Balaka, Chikwawa ndi Nsanje. Thonje lambiri limachoka m'dziko muno lisanasanduke nsalu, ndipo zitenje zambiri za m'misika yathu zimachokera kunja, pambali pa zimene fakitale ya David Whitehead ya ku Blantyre imapanga. Pakhonde la sitolo iliyonse pali telala amene akhoza kusoka diresi pongoyang'ana chithunzi cha pa foni, ndipo limenelo ndi luso lalikulu. Timamugwiritsa ntchito yokopera za ena, n'kumunenerera mtengo mpaka atatsala ndi ya ulusi yokha. Okonza zovala monga Lilly Alfonso aonetsa kuti zosokedwa ku Malawi zikhoza kuima pa bwalo lililonse. Ndipo amene anaonera The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, ya mu 2012, anaona nyanja yomweyi, msodzi Yusufu ndi mkazi wake Abiti Anefa, mpango, chitenje ndi khungu lakuda zitajambulidwa mwaulemu, mokongola, popanda kubwereka nkhope ya wina. Kamera imatha kutikonda m'mene tilili ngati woigwira waphunzira kuyeza kuwala kwa khungu lathu m'malo molifufuta.

Amene amakonda lehenga avale ndithu. Malaya aatali ndi mpango wake n'zogwirizana ndi kavalidwe kodzilemekeza kamene amayi ambiri a kuno amafuna, ndipo Amwenye akhala nafe m'dziko muno zaka zoposa 100, kotero kubwerekana zovala si chinthu chachilendo. Kanzu ndi mzuli nazonso zinabwera ndi amalonda a kugombe la Zanzibar, lero ndi zathu. Chobwereka chimakhala chako ukachisoka pa muyeso wa thupi lako ndi wa thumba lako.

Kwa ojambula athu, pempho ndi lakuti musiye khungu la mkwatibwi m'mene Mlengi analipangira, mulole agogo ndi ngalawa zilowe m'chithunzi, ndipo pofalitsa ntchito yanu mutchule telala amene anasoka. Kwa ankhoswe ndi makolo, pokonza ndondomeko ya ukwati ndalama ya zovala ndi zithunzi ilembedwe pa pepala limodzi ndi mahari ndi ya poyambira banja, kuti aliyense aone chimene chalemera. Kwa ife aphunzitsi, kusukulu ndi kumadrasa komwe, kulanda mafoni kwalephera kale. Chimene tingathe ndi kuphunzitsa ana kuwerenga chithunzi monga timawaphunzitsira kuwerenga zilembo. Mwana akakuonetsani katswiri amene amamusirira, khalani naye pansi, muyamikire limodzi kukongola kwa nsaluyo, kenaka mumufunse mafunso atatu: ndi anthu angati amene anagwira ntchito kuti chithunzichi chioneke chonchi, n'chiyani chimene chachotsedwamo, ndipo akufuna kuti iwe ugule chiyani.